Fodya wotenthetsa pa kamakina: zomwe ndinaona ine ndi zomwe sanandiuze pogula

Abale anga, makamaka inu amene muli kuno ku Joni, ku Cape Town, ku UK ndi kwina konse komwe timakina ta fodya wotenthetsa tafika, anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti achimwene kamakina kaja munkasuta kaja kali bwanji, tigule kapena ayi, ena mpaka akuti ndiwatumizire pa basi ku Lilongwe poti amva kuti ndi fodya wopanda matenda. Nde m'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndingolemba zonse pamodzi, zomwe ndinaona ndi maso anga komanso zomwe ndinadzapeza nditayamba kufufuza, aliyense asankhe yekha koma asankhe akudziwa.

Tisiyanitse kaye ndi vape poti ambiri amasokoneza. Mu vape mumakhala timadzi, mulibe tsamba la fodya. Izi ndikunenazi ndi fodya weniweni, tsamba ngati lomwe timalima ku Kasungu lija, amaligaya nkulisakaniza ndi glycerin ndi zina, nkupanga tindudu tatifupitifupi tomwe umalowetsa m'kamakina ka batire, kamakinako nkumatenthetsa fodyayo osamuyatsa moto. Yotchuka kwambiri ndi IQOS ya kampani ya Philip Morris International yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2014 ku Nagoya ku Japan ndi ku Milan ku Italy, kuno ku South Africa inafika mu 2017, palinso glo ya British American Tobacco ndi Ploom ya Japan Tobacco. Ndudu wamba ikamayaka moto wake umapitirira madigiri 600, pokoka umafika cha m'ma 900, pomwe timakinati timathera cha m'ma 350 kapena kutsikirapo. Malonda onse agona pamenepo, akuti poti fodyayo sakuyaka ndiye kuti poizoni ndi wochepa.

Ine fodya ndinayamba ndili mnyamata kumudzi, chingambwe chopichira pa pepala la kope. Nditabwera ku Joni ndinapeza ntchito mu lesitilanti ndipo kumeneko pafupifupi aliyense amasuta, shifiti ikathina munthu umangothamangira kuseri kukakoka kawiri katatu nkubwerera ku matebulo. Mu 2020 boma la kuno linaletsa kugulitsa fodya nthawi ya lockdown, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Ogasiti, nde tinkagula ndudu zamseri zodula kwambiri komanso zosadziwika kochokera, chifuwa changa chinafika poipa, m'mawa uliwonse kutsokomola mpaka misozi, makhololo akuda. Chiletso chitatha ndinati basi ndisinthe, ndinali nditaona makasitomala ena akusuta timakinati panja pa lesitilanti, fungo lake silikumveka patali, nde ndinalowa mu shopu ina mu mall. Dzina la shopuyo ndi la kamakina komwe ndinagula sinditchula. Mnyamata wogulitsayo anali wa ulemu ndithu, anandiuza kuti bwana apa palibe moto, palibe phulusa, palibe utsi, ndi nthunzi chabe, olo m'nyumba mutha kusuta madam osadandaula. Mawu omalizawo ndi amene ndinatenga.

Zabwino zake ndizinene poti sindinabwere kudzanama. Masabata oyambirira zovala zinasiya kununkha, zala zinasiya chikasu chija, kutsokomola kwa m'mawa kunachepa ndithu ndipo mayi akunyumba anasangalala kuti bola tsopano. Koma taonani zomwe zinasintha mwakachetechete. Kale ndudu ndinkasutira panja, kukazizira mu Juni kapena mvula ikamagwa ndinkachita ulesi kutuluka nde ndinkasuta pang'ono. Kamakina katabwera chifukwa chotulukira panja chinatha, ndinkasuta ndili pa bedi, ndikuonera mpira, ndikucheza pa foni, m'chipinda chimodzi chomwe timachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake, windo limodzi, ine, mayi akunyumba ndi mwana wathu wamkazi yemwe anabadwa ndi vuto la mphumu. Kamakinako kamazima kokha pakapita mphindi zochepa, chibaba chisanathe bwino, nde umangolowetsa kandudu kena. Mapeto ake paketi inkatha msanga kuposa kale.

Ndipo ndudu wamba sindinasiyiretu ayi, apa ndi pomwe anthu ambiri sanena zoona. Batire ikatha ndili ku ntchito, kapena load shedding yatigwira usiku osatchaja, kapena tindudu tatha poti pa spaza shop sapezeka umayenera kukafika ku mall kapena pa garage, ndinkangogula ndudu imodzi ya loose. Loweruka pa mowa ndi anyamata aliyense akuyatsa ndudu, iwe sungakhale ukudikira kamakina katenthe. Anzanga onse omwe anagula timakinati anali chimodzimodzi, m'thumba lina kamakina m'thumba lina laita. Nde munthu ukulipira kawiri, thupi likulandira poizoni wa mbali zonse ziwiri koma mumtima ukuti ine ndinasiya fodya.

Patapita miyezi ingapo ndinayamba kumva kukhosi kuuma nthawi zonse, mtima kugunda mothamanga makamaka ndikasuta tiwiri motsatizana usiku, pena mutu. Koma chomwe chinandiopsa ndi mwana. Usiku ankayamba kulira m'chifuwa ngati kamluzu, kupuma mokoka mpaka mapewa ake kukwera m'mwamba, kampope kake kopopera mankhwala a mphumu kamene kale kankakhala nthawi yaitali tsopano kakutha msanga. Tinapita naye ku kiliniki ya boma, nesi wake mayi wachikulire anafunsa kuti bambo, m'nyumba mwanu muli wosuta? Ine ndinati ayi mayi, ndinasiya, pano ndimagwiritsa ntchito kamakina. Anati tandionetsani. Ndinatulutsa kamakina ndi paketi, iwo anatenga kandudu kamodzi nkukang'amba pa tebulo pomwepo, fodya wa bulawuni nkuyoyokera pa pepala, nkundifunsa kuti bambo ichi mukuti nchiyani? Kenako anandiyeza ine BP ngakhale sindinabwerere zimenezo, inapezeka yokwera. Sanandikalipire, anangoti mwanayu mapapo ake ndi aang'ono, chilichonse chomwe mukutulutsa m'kamwa mwanu m'chipinda chimenecho iye akupuma, fungo lisakunamizeni.

Usiku womwewo ndinatsegula kamakina kaja kuti ndikatsuke, muja mumalowa kandudu muja. Abale, pansi pake panali zakuda zomata zouma gwa ngati nkhoko za nsima yopserera, ndikupala ndi kamtengo zikugwa timakala timakala, thonje lomwe ndinapukutira linatuluka la bulawuni wakuda, fungo lake lowawa lokhala ngati fodya wonyowa wagonera. Ndinang'ambanso tindudu tomwe ndinasuta kale tomwe tinali mu bini, pakati pa fodyayo panali pakuda popserera. Nde ndinadzifunsa kuti chinthu chomwe akuti sichipsa, makalawa achokera kuti?

Apo mpomwe ndinayamba kuwerenga, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite za Bern ndi Lausanne ku Switzerland anayeza zotuluka mu IQOS nkuyerekeza ndi ndudu wamba. Anapezamo carbon monoxide, mpweya woipa womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka uja, ngakhale unali wochepa poyerekeza ndi wa ndudu. Anapezamo formaldehyde, mankhwala omwe amagwiritsa ntchito posunga mitembo ndipo bungwe la IARC lofufuza za khansa linawaika m'gulu la zinthu zomwe nzotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, mlingo wake unali 74 peresenti ya wa mu ndudu. Acrolein yemwe amawotcha kukhosi ndi m'mapapo anali 82 peresenti, nikotini 84 peresenti. Kampaniyo inatsutsa njira yomwe anayezera ndipo kafukufuku wake womwe ukusonyeza manambala otsika kwambiri kuposa amenewa, koma palibe mbali yomwe ikunena kuti mankhwalawa mulibe, mkangano wawo ndi wa kuchuluka basi.

Za makala zija ndinazipezanso. Mu 2018 ofufuza a ku University of California ku Riverside anaona kuti fodya wa m'tindudu timeneti amapserera ndithu pomwe wakhudzana ndi chotenthetsera, ndipo kupsererako kumakula kamakina kakakhala kosatsukidwa. Anaonanso kuti kapulasitiki kopindapinda komwe kamakhala mkati mwa kandudu kuti kaziziritse mpweya kamasungunuka, ndipo pa madigiri 90 okha kanatulutsa poizoni wotchedwa formaldehyde cyanohydrin. Tangoganizani, madigiri 90 ndi ochepera pomwe madzi amawirira, pomwe kamakinako kamafika 350.

Koma chomwe chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Makampani akamati poizoni wachepa amakhala akuwerenga mndandanda wa mankhwala odziwika kale a mu utsi wa ndudu, amenewo ambiri amatsikadi. Nanga omwe sali pa mndandandawo? Ofufuza a ku University of California ku San Francisco mu 2018 anatenga malipoti a kampani yeniyeniyo omwe inapereka ku boma la America nkupeza kuti mankhwala ena 56 anali ochuluka mu IQOS kuposa mu ndudu wamba, 22 mwa amenewo anakwera kupitirira 200 peresenti ndipo 7 kupitirira 1000 peresenti. Bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America nalo linatchula anayi omwe akuganiziridwa kuti atha kuyambitsa khansa, glycidol, furfural, furfuryl alcohol ndi 3-MCPD. Ena mwa amenewa amabwera chifukwa chotenthetsa glycerin uja amathira kuti nthunzi izioneka. Nde poizoni wina watsika, wina wakwera, ndipo zinthuzi zangokhala pa msika kuyambira 2014 pomwe khansa ya fodya imatenga zaka 20 kapena 30 kuti ionekere. Amene tikusuta panofe ndi amene madokotala adzaphunzirirepo.

Wogulitsa akakuuzani kuti izi zinavomerezedwa ku America, mvetsetsani chomwe chinavomerezedwa. Mu Epulo 2019 FDA inalola kuti IQOS igulitsidwe, mu Julaye 2020 inalola kampaniyo kunena kuti munthu akasiyiratu ndudu nkusamukira ku kamakinako thupi lake limalandira mankhwala oipa ocheperako. Koma sinalole kuti azinena kuti matenda achepa, inati umboni wake sunakwane. Mwezi womwewo WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inatulutsa chikalata chonena kuti kuchepa kwa mankhwala ena sikutanthauza kuti chinthucho nchosaopsa kapena kuti chiopsezo cha matenda chatsika. Ku UK komiti ya boma yoona za poizoni mu 2017 inati mankhwala oipa amatsika ndi 50 mpaka 90 peresenti koma chiopsezo chilipobe ndipo chabwino nkusiyiratu. Onani mawu oti akasiyiratu ndudu aja, amene ali ndi kamakina ndi laita yemwe ngati momwe ndinalili ine sakuwerengedwa m'gulu limenelo.

Ife ochokera kolima fodya sitimayenera nkomwe kudikira azungu kuti atiuze zimenezi. Amene munathyolako fodya m'mawa mame asanaume mukukumbukira, manja akuda ndi phula lomata, pofika masana chizungulire, nseru, mutu, ena kusanza kumene m'munda momwemo, makamaka ana ndi matenanti omwe ankakumbatira masamba onyowa pachifuwa popita nawo ku chigafa. Palibe anayatsa moto, palibe utsi, imeneyo ndi nikotini yokha kulowa kudzera pakhungu. Ndiye palinso poizoni wina wa khansa wotchedwa NNN ndi NNK yemwe amapangika m'tsamba pomwe fodya akuuma m'chigafa ndi pomusunga, ndipo burley wathu uja amakhala naye wambiri kuposa fodya wowotcha m'mabani. Poizoni ameneyu amakhala ali kale m'tsamba asanafike ku fakitale, sadikira machesi, ukatenthetsa tsambalo wina amanyamuka ndithu nkulowa m'mapapo, wocheperako kuyerekeza ndi ndudu koma alimo. Nchifukwa chake olo agogo athu a fodya wa mphuno ndi woika kukamwa ena amadwala khansa ya m'kamwa asanayatsepo ndudu moyo wawo wonse.

Nikotini payokha anthu amaipeputsa kuti ndi chibaba chabe. Imathamangitsa mtima, imakweza BP, imafinya mitsempha ya magazi, kwa mayi woyembekezera imasokoneza kakulidwe ka mwana m'mimba, kwa achinyamata imasokoneza ubongo womwe umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 25. Nde alongo anga oyembekezera, wina asakunamizeni kuti kamakina nkabwino kwa inu, komanso bambo akunyumba asamasutire pafupi nanu. Ndipo ku Japan komwe timakinati tafala kwambiri madokotala analembapo za achinyamata omwe anagonekedwa m'chipatala ndi mtundu wina wa chibayo choopsa chobwera mwadzidzidzi atayamba kapena atachulukitsa kusuta fodya wotenthetsayu. Sizichitika kwa ambiri, koma mukayamba kubanika, kutentha thupi ndi kutsokomola mutangoyamba kumene kapena mutangoonjezera, musadikire mawa.

China chomwe makolo muyenera kudziwa ndi tindudu tomwe. Ndi tatifupi, tokwana bwinobwino m'kamwa mwa mwana wokwawa, ndipo poti sitipsa nkukhala phulusa, tikatha ntchito timakhalabe tathunthu ndi fodya wake mkati. Ku Japan komweko ana aang'ono ambiri amezapo timeneti mpaka boma kuchenjeza makolo. Ta makina atsopano ena, monga TEREA ta IQOS ILUMA, timakhala ndi kachitsulo kopyapyala kakuthwa mkati komwe katha kuvulaza m'mimba, pa paketi analembapo chenjezo koma ndani amawerenga. Kwathu tinkangotaya mu kabini kopanda chivindikiro pafupi ndi bedi, pomwe mwana amaseweretsa zidole zake. Mwana akameza musamukakamize kusanza, thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketiyo kuti adokotala aone mtundu wake.

Tsopano momwe ndinasiyira. Choyamba ndinatulutsa kamakina m'nyumba, lamulo linali loti chilichonse cha fodya panja basi, ndipo pasanapite nthawi yaitali mwana anayamba kugona usiku wonse osadzuka ndi kubanika, kampope kake kanayambanso kukhalitsa. Chachiwiri ndinadula ndudu za loose zija. Kenako ndinabwerera kwa nesi uja kukafunsa chochita ndi chibaba, anandiuza za timapatchi ta nikotini tomata pamkono ndi chingamu cha nikotini, zomwe kuno zimapezeka ku pharmacy popanda kalata ya dokotala, patchi imagwira tsiku lonse pang'onopang'ono, chingamu ndi cha nthawi yomwe chibaba chakugwira mwadzidzidzi, ndipo umatsitsa mphamvu yake pang'onopang'ono mpaka kusiya. Muli nikotini inde koma mulibe fodya, mulibe chopserera, mulibe chomwe mwana wako akupuma. Chingamucho sumatafuna ngati chingamu wamba, umatafuna pang'ono chikayamba kuyabwa nkuchiika kutsaya, ukatafuna mothamanga chimakupatsa ntchirikitchi ndi nseru. Palinso mapiritsi monga varenicline, bupropion ndi cytisine omwe WHO inawatchula m'malangizo ake a 2024 othandiza anthu kusiya fodya, amenewo ndi ofunika kukambirana ndi dokotala kaye makamaka ngati mukumwa mankhwala ena. Amene muli ku UK thandizo losiyira fodya la NHS ndi laulere, musachite manyazi kupitako.

Sizinali zophweka, sabata yoyamba ndinali wolusa, tulo osabwera, njala nthawi zonse, ku ntchito anzanga akapita kuseri ine ndinkatsala mkati kupukuta matambula dala kuti manja akhale ndi chochita. Mowa ndinayamba ndausiya kaye poti pamenepo mpomwe chibaba chimandigonjetsera. Mayi akunyumba anandipirira kwambiri, ankandikazingira mtedza ndi chimanga kuti ndizitafuna madzulo. Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa nkupita, ukamwa madzi nkuyenda pang'ono chimadutsa, ndipo masabata akamapita chimabwera patalipatali. BP yanga inatsika, masitepe a ku ntchito ndimakwera opanda befu.

Ndisamveke molakwika, ngati munasiyiratu ndudu ndipo pano muli pa kamakina kokha, musabwerere ku ndudu chifukwa cha zomwe ndalembazi, ndudu yoyaka ndiyo yoipitsitsa. Muzikatsuka pafupipafupi, musasutire m'nyumba kapena m'galimoto muli ana, ndipo muikiretu tsiku lodzakasiya nakonso. Ngati simunasutepo chiyambire, makamaka achinyamata omwe mukukaona ngati kafoni kokongola, musakayandikire, chibaba chake ndi chomwecho cha ndudu.

Kwa inu akumudzi amene mukuti ndikutumizireni, yankho langa ndi ayi, ndipo chifukwa chake si umbombo. Kamakinako pakokha sikagwira ntchito, kamafuna tindudu take take, paketi zomwe ndingatumize zikatha muzadikira wa basi abwere kuchokera ku Joni, masiku odikirawo muzasuta ndudu wamba, magetsi akazima batire nkutha muzasutanso ndudu wamba, nde mukhala pa zonse ziwiri momwe ndinalili ine, ndalama zikupita kawiri. Dziko lathu la Malawi linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo maiko a m'panganoli anagwirizana kale mu 2018 kuti fodya wotenthetsa ndi fodya ngati wina aliyense, malamulo ake ndi omwewo. Ndalama ya kamakinayo bola ndikugulireni timapatchi ndi chingamu, zimenezo ndiye nditha kutumiza mukandiuza kuti mwatsimikiza.

Ndipo nonse amene muli pa kamakina, mukapita kuchipatala kaya ndi inu kaya ndi mwana, akakufunsani ngati mumasuta kapena ngati m'nyumba muli wosuta, yankhani kuti eya, tulutsani paketiyo muwaonetse, munenenso ngati mumaphatikiza ndi ndudu wamba komanso kuti mumamaliza tingati patsiku, chifukwa mankhwala a BP, a mphumu komanso mphamvu ya patchi yomwe angakupatseni zimatengera yankho limenelo.